Lisiti lilipo, nanga katundu adafika bwanji?

Aliyense amene adalembetsa msonkho wa VAT ku bungwe la Malawi Revenue Authority (MRA) amagwira ntchito yotolera ndalama za boma ngakhale boma silidamulembe ntchito. Akagulitsa thumba la simenti pa Liwonde kapena bandulo la malata pa Balaka, pamtengo wake amaonjezerapo msonkho, ndipo ndalama imeneyo si yake. Koma nayenso pokapikula katunduyo ku Limbe adalipira msonkho womwewo. N'chifukwa chake lamulo limamulola kuti pofika pa 25 mwezi wotsatira, pamene akupereka lipoti lake ku MRA, achotse msonkho umene adalipira pogula pa msonkho umene watolera pogulitsa, n'kupereka ku boma chotsalacho. Msonkho wolipira pogulawu, umene amauchotsera, ndiwo umene akadaulo amati input tax. Pakadapanda kuchotseraku, msonkho bwenzi ukusanjikizana kuchokera kufakitale mpaka kwa munthu womaliza amene akumanga nyumba yake ku Ntaja.

Tiike manambala kuti nkhani imveke. Kuyambira 2008 msonkhowu udali pa 16.5 peresenti, ndipo kumapeto kwa 2025 boma lidaukweza kufika pa 17.5. Tiyerekeze mwini hadiweya wapikula katundu wa K10,000,000. Pamwamba pake walipira VAT ya K1,750,000. Katunduyo wamugulitsa K12,000,000 ndipo watolera VAT ya K2,100,000. Zonse zikayenda bwino, ku MRA apereka K350,000 yokha. Koma a MRA akakana kuti achotsere zimene adalipira pogula, ayenera kupereka K2,100,000 yonse. Phindu lake lidali K2,000,000, ndipo K1,750,000 yapita. Patsala K250,000 imene sikwana kulipira lole, onyamula, lendi ndi mlonda, tisanawerengere chindapusa ndi chiwongoladzanja chimene chimabwera pamwamba. Kukanidwa kamodzi kokha kwa miyezi ingapo kukhoza kutseka shopu imene munthu wakhala akuilera zaka khumi.

Funso limene ndikufuna tiliunike ndi ili: ngati wamalonda ali ndi lisiti lovomerezeka, koma alibe pepala lililonse loonetsa kuti katunduyo adanyamulidwa kuchoka kwa wogulitsa kufika pashopu pake, kodi ali ndi ufulu wochotsera msonkhowo?

Tikayang'ana lamulo lathu, yankho loyamba ndi lakuti inde. Lamulo la VAT la 2005, limene lidalowa m'malo mwa msonkho wakale wa surtax, limaika maso pa zinthu zingapo: wochotserayo akhale wolembetsa, katunduyo akhale wa bizinesi imene imagulitsa zinthu zodulidwa msonkho, ndipo pakhale invoisi ya msonkho, kapena mapepala a kasitomu ngati katunduyo wachokera kunja. Chiyambire 2014, pamene MRA idabweretsa makina a EFD, lisiti lotuluka m'makinawo ndilo lidakhala umboni weniweni, ndipo ambiri akukumbukira kampeni ya Lisiti Langa imene inkalimbikitsa ogula kuti asachoke pakauntala chimanjamanja. Palinso zinthu zimene lamulo silola kuchotsera ngakhale lisiti likhale loyera bwanji, monga ndalama zosangalatsira alendo ndi katundu wogwiritsa ntchito pakhomo. Koma chikalata chapadera cha boma chotsagana ndi katundu pamsewu kuchoka ku Blantyre kupita ku Balaka, ife tilibe.

Yankho limenelo likadakhala lokwanira, nkhani bwenzi itathera pomwepo. Vuto ndi lakuti lisiti limachitira umboni chinthu chimodzi chokha: kuti makina a wogulitsa adasindikiza malonda. Silinena kuti matumba 500 a simenti adakwezedwadi pa lole, ndipo silinena kuti adatsitsidwa kuti. Ofufuza mabuku a MRA akafika, ali ndi mphamvu zofunsa ngati malondawo adachitikadi, ndipo pa mkangano wa msonkho amene akuti "ndidagula" ndiye amayembekezeka kuonetsa. Mabuku ndi malisiti amayenera kusungidwa zaka zisanu ndi chimodzi. Mlandu suola: funso la katundu wa chaka chino likhoza kudzafunsidwa pamene dalaivala amene adamunyamula adasamukira ku Joni kalekale, ndipo lisiti lenilenilo, la pepala lopyapyala lija, lafufutika ndi kutentha kwa m'chigwa cha Shire mpaka kutsala loyera.

Tsono tione mmene katundu amayendera m'maboma a Balaka ndi Machinga, chifukwa m'pamene pagona nkhani. Balaka, imene idapatuka ku Machinga n'kukhala boma palokha mu 1998, ndi Liwonde ndi malo a mphambano. Msewu wa M1 umadutsa pa Chingeni, wa M8 umalumikiza Balaka ndi Liwonde, wa M3 umachoka ku Blantyre kudzera ku Zomba n'kupitirira ku Mangochi, ndipo wina umakwera ku Nsanama, Ntaja ndi Nselema mpaka kuchipata cha Chiponde. Njanji yochokera pa Nkaya imaoloka Shire pa Liwonde n'kukatulukira pa Nayuchi kupita kudoko la Nacala. Makampani akuluakulu amene amagwiritsa ntchito njira zimenezi ali ndi mapepala osefukira: delivery note (pepala la wogulitsa lotsagana ndi katundu), tikiti ya pasikelo, chikalata cha sitima, siginecha ya wolandira. Iwo funsoli siliwasowetsa tulo.

Amene limamusowetsa tulo ndi wamalonda wapakati, yemwe bizinesi yake yakula mokwanira kulembetsa VAT koma kayendetsedwe kake kadali ka masiku onse. Iye amadzuka m'bandakucha kupita ku Limbe, n'kulowa maholoselo anayi kapena asanu. Katundu amamusonkhanitsa pakhonde la shopu ina ndi anyamata a mawilibala. Kenaka amafunafuna lole imene yatsitsa mpunga wa ku Chilwa kapena nandolo ndipo ikubwerera yopanda kanthu. Amagwirizana mtengo pakamwa, amalipira kashi, mwinanso lole yomweyo yanyamula katundu wa anthu atatu. Ikafika pa Liwonde usiku, katundu wina amatsika, wina amakwera kagalimoto ka matola kupita ku Nsanama, wina amamalizidwa ndi njinga yamoto ya kabaza. Palibe chachinyengo chimene chachitika apa. Katundu ndi weniweni, msonkho walipidwa, wogula womaliza adzalandira lisiti. Koma pa ulendo wonsewo palibe cholembera chimene chakhudza pepala. Ndipo pali chifukwa chimene eni malole ambiri sakondera kulemba. Malamulo a msonkho amafuna kuti bizinesi ikamalipira wonyamula katundu izidulapo 10 peresenti ya msonkho wogwiriratu, pokhapokha wonyamulayo akhale ndi satifiketi yomumasula. Nthawi zinanso dalaivala amakhala atanyamula katunduyo mwini lole asakudziwa. Munthu wotereyu ukamupatsa buku kuti asayine, amakuuza kuti ukapeze galimoto ina.

Nanga bwanji otolera msonkho sangokhulupirira lisiti? Chifukwa pa dziko lonse lapansi chinyengo chachikulu cha VAT chimalowera pa khomo lomweli. Munthu amalembetsa kampani imene ilibe shopu, ilibe nyumba yosungira katundu, ilibe wantchito. Ntchito yake ndi kugulitsa malisiti. Wamalonda amapereka kandalama kochepa, n'kulandira invoisi ya katundu amene sadakhaleko, n'kuchotsera msonkho umene palibe adaulipira. Kampani ija ikayandikira kugwidwa imangosowa. Ku Kenya mu 2018 bungwe lotolera msonkho la KRA lidavumbula gulu la makampani otere, ndipo amalonda ambiri amene adali ndi mainvoisi awo adauzidwa kuti abweze msonkho. Pali mtundu winanso umene kwathu kuno ndi wosavuta kuuganizira: katundu wolowa mozemba kudzera njira zamadulira za m'malire a Mozambique, amene amasakiridwa lisiti la kwina kuti aoneke ngati adagulidwa m'dziko muno. Pamenepo katundu alipo, lisiti lilipo, koma awiriwa sadakumanepo. Njira yokhayo yowasiyanitsa ndi kufunsa za ulendo: adachoka kuti, pa galimoto iti, tsiku liti.

Dziko limene lapita patali ndi funsoli ndi India, kumenenso nandolo wambiri wa ku Balaka ndi Machinga amakathera. Kumeneko msonkho wa GST, wofanana ndi VAT, udayamba pa 1 July 2017, ndipo kuyambira pa 1 April 2018 katundu wodutsa marupi 50,000 wopita kuchigawo china sanyamuka popanda e-way bill, chikalata cha pa intaneti chimene chimatchula wogulitsa, wogula, katundu ndi nambala ya galimoto. Lamulo lawo limanena poyera kuti wochotsera msonkho akhale atalandiradi katunduyo, ndipo udindo woonetsa umboni ndi wake. Pa 13 March 2023 bwalo lalikulu kwambiri la dzikolo lidagamula mlandu wa pakati pa boma la Karnataka ndi kampani ya khofi ya Ecom Gill Coffee Trading. Mlanduwo udali wa pansi pa lamulo lakale la VAT la chigawocho, koma mfundo yake idamveka m'dziko lonse. Kampaniyo ndi anzake adali ndi mainvoisi, ndipo adalipira kudzera kubanki. Oweruza adati zimenezo pazokha si zokwanira. Wogula ayenera kuonetsa dzina ndi keyala ya wogulitsa, galimoto imene idabweretsa katundu, malipiro a mtengatenga ndi umboni wakuti katundu adalandiridwa. Chiyambire chigamulocho, amalonda ambiri a ku India akanidwa kuchotsera msonkho chifukwa chosowa mapepala a pamsewu.

Mabwalo ena adayang'ana mbali ina ya nkhaniyi. Mu 2017 bwalo lalikulu la ku Delhi, pa mlandu wa On Quest Merchandising, lidati wogula woona mtima asalangidwe chifukwa choti wogulitsa sadapereke ku boma msonkho umene adatolera, pakuti wogula alibe njira yolowera m'mabuku a mnzake. Ku Ulaya, pa mlandu wa Kittel wa 2006, bwalo la European Union lidaika muyeso umene maiko ambiri amautsata: munthu amataya ufulu wochotsera ngati ankadziwa, kapena ankayenera kudziwa, kuti akulowa m'malonda achinyengo. Zigamulo zimenezi sizimanga mabwalo a ku Malawi, koma maloya ndi akuluakulu a msonkho amaziwerenga, ndipo maganizo ake amafika kuno.

Ine ndikuona kuti pali mafunso awiri amene sayenera kusakanizidwa. Loyamba: kodi katundu adalipo ndipo adafika? Lachiwiri: kodi wogulitsa adapereka msonkho ku boma? Funso lachiwiri ndi la MRA ndi wogulitsayo. Bungwelo ndilo lidamupatsa nambala ya msonkho ya TPIN, ndilo lidavomereza makina ake, ndilo limaona malipoti ake pa Msonkho Online mwezi ndi mwezi. Kusenzetsa mwini golosale wa ku Ulongwe mlandu wa holoselo imene boma lenilenilo lidaidinda chidindo n'kulakwa. Koma funso loyamba ndi la wogula, ndipo sindikuona chifukwa chomveka chokanira kuliyankha. Amene akupempha kuti boma limusiyire K1,750,000 ayenera kutha kufotokoza kumene katunduyo adapita. Chimene ndikukana ndi choti yankho lake likhale pepala limodzi lokha. Kusowa kwa delivery note kukhale chifukwa chofunsira mafunso ena, osati chigamulo. Ngati buku la sitoko likuonetsa kuti matumba 500 adalowa Lachiwiri, malisiti ogulitsira akuonetsa kuti adatuluka m'masabata atatu, ndipo VAT ya pogulitsa idaperekedwa, ndiye kuti katunduyo adalipo, pakuti munthu sangagulitse simenti imene sadailandire. Wofufuza amene amalandira msonkho wa pogulitsa n'kukana wa pogula pa katundu yemweyo akudya mbali ziwiri.

Katundu wochokera kunja ali ndi msampha wakewake, ndipo apa lamulo silinyengerera. VAT ya katundu wolowa pa Nayuchi, pa Chiponde, pa Mwanza kapena pa Dedza imalipidwa kukasitomu, ndipo umboni wake ndi Form 12 yolembedwa mu makina a ASYCUDA pamodzi ndi lisiti lolipirira. Chofunika ndi dzina ndi TPIN zimene zili pa fomuyo. Amalonda ambiri amene amaoda katundu ku Johannesburg kapena ku Dar es Salaam amamupereka kwa wamtengatenga amene amasonkhanitsa katundu wa anthu ambiri m'thiraki imodzi n'kuombola zonse m'dzina lake. Mwini katundu amalipira mtengo umodzi, wa mayendedwe ndi kasitomu pamodzi, ndipo katundu amafikadi. Koma pa mapepala a boma, amene adalowetsa katunduyo ndi wina. Mwini weniweni alibe chochotsera, ngakhale ndalama ya msonkho idatuluka m'thumba mwake. Apa ulendo ukudziwika bwino lomwe, chosowa ndi dzina. Wolembetsa VAT amene amaitanitsa katundu wambiri amataya ndalama zochuluka mwa njira imeneyi kuposa zimene akadalipira ejenti womuombolera m'dzina lake.

Za mbewu n'zachidule. Mlimi wa ku Utale kapena ku Phalula akagulitsa nandolo, chimanga kapena thonje sadula VAT, choncho wogula alibe msonkho wochotsera pa mbewuyo. Mkangano umabwera kwa amene amatumiza mbewu kunja. Katundu wotuluka m'dziko amadulidwa msonkho wa ziro, ndipo wotumizayo amatha kuitanitsa VAT imene adalipira pa zinthu monga matumba ndi lendi ya nyumba yosungiramo. Popeza apa boma limatulutsa ndalama, limafuna kuona kuti katunduyo adaolokadi malire, ndipo mapepala a kasitomu ndi a sitima kapena a thiraki sangasowe.

Tsono wamalonda wa pa Liwonde achite chiyani pamene dalaivala akukana kulemba? Umboni wambiri uli m'manja mwake kale, kungoti sausunga. Poyamba, lisiti likhale ndi dzina la bizinesi yake ndi TPIN yake, osati lisiti la wogula wodutsa, ndipo alijambule kapena kulifotokopa tsiku lomwelo lisanafufutike. Holoselo iliyonse yolongosoka ikhoza kulemba delivery note kapena kudinda pa invoisi kuti katundu watuluka, ndi nambala ya galimoto imene yamutenga. Ambiri salemba chifukwa palibe amawapempha. Pashopu pakhale kabuku kolandirira katundu, ngakhale kope la sukulu: tsiku, nambala ya lisiti, nambala ya lole, kuchuluka kwa katundu, dzina la amene wawerenga. Kabuku kolembedwa tsiku ndi tsiku, ka inki zosiyanasiyana ndi m'mphepete mothimbirira, kamakhulupirika kuposa mapepala oyera amene akonzedwa usiku umodzi kalata ya MRA itafika. Ndalama ya lole ikaperekedwa pa Airtel Money kapena TNM Mpamba imasiya tsiku, ola ndi nambala. Chithunzi cha pafoni cha lole ikutsitsa pakhomo pa shopu chimasunga tsiku lake. Lisiti la pachipata cholipirira msewu cha Chingeni kapena Kalinyeke, ndi tikiti ya pasikelo ya malole pa Balaka, zimaonetsa kuti galimoto yakutiyakuti idadutsa tsiku lakutilakuti. Ndipo wogulitsayo alipidwe kudzera kubanki ngati n'kotheka, m'dzina lomwe lili pa lisiti. Wogulitsa akanena kuti ndalama itumizidwe ku akaunti ya munthu wina, kapena mtengo wake ukakhala wotsika modabwitsa kuposa wa fakitale imene imapanga katunduyo, pamenepo wogula waona chizindikiro, ndipo sadzathanso kunena kuti sankadziwa.

Pali chizolowezi china chimene tiyenera kuchitchula mosabisa: mitengo iwiri, wa lisiti ndi wopanda lisiti. Kwa munthu wamba, wopanda lisiti umaoneka wotchipa. Kwa wolembetsa VAT ndi kudzipweteka, chifukwa pogulitsa adzayenera kudula msonkho wonse popanda chochotsera, ndipo akafuna kuthawa zimenezo adzagulitsanso popanda lisiti, kenaka adzayamba kusaka malisiti ogula kuti mabuku agwirizane. Makampani ogulitsa malisiti aja amapeza makasitomala mwa njira imeneyi.

Kuyambira 2025 MRA yakhala ikusamutsa amalonda kuchoka pa makina a EFD kupita ku ndondomeko yatsopano ya EIS, imene imatumiza invoisi iliyonse kulikulu nthawi yomweyo ndipo imalondolanso sitoko. Anzathu a ku Zambia ali ndi Smart Invoice, a ku Kenya ali ndi eTIMS. Amalonda ambiri adaidandaula ndondomekoyi, ndipo madandaulo ena ndi omveka, makamaka kumadera ngati Nayuchi ndi Chikweo kumene netiweki ndi magetsi sizidalirika. Koma pa funso lathuli ikhoza kuthandiza wogula woona mtima. Ngati katundu akuoneka akutuluka mu sitoko ya wogulitsa n'kulowa mu sitoko ya wogula, kenaka n'kutuluka pang'onopang'ono kupita kwa makasitomala, umboni wa ulendo umakhala utalembedwa kale m'makompyuta a MRA momwemo. Kampani yopanda katundu imavutika kugulitsa zimene sizidalowepo mu sitoko yake. Mbali yake yowawa ndi yakuti katundu wogulidwa popanda lisiti sadzakhalanso ndi polowera.

Ena anganene kuti tingotengera India n'kukhazikitsa chikalata chokakamiza cha katundu aliyense wa pamsewu. Ine sindikugwirizana nazo, makamaka pakadali pano. Msewu wochoka ku Blantyre kufika ku Ntaja uli kale ndi malo ambiri oimitsira galimoto, ndipo pepala lililonse latsopano limene lole iyenera kuonetsa limasanduka chifukwa china choimitsira, kuchedwetsa ndi kupempha ya fanta. Ku India komweko mabwalo adzaza ndi milandu ya katundu wogwidwa chifukwa chikalata chidatha nthawi galimoto itafa panjira, kapena nambala imodzi idalakwika polemba. Mtolo wotere ungagwere mwini kalole kamodzi wa ku Nselema, osati kampani ya mathiraki makumi asanu. Chimene MRA ingachite mosavuta ndi kulemba poyera, m'Chichewa ndi m'Chiyao, mndandanda wa umboni umene ofufuza ake amalandira pamene delivery note palibe, n'kuupereka kwa aliyense tsiku limene akulembetsa VAT. Lero wamalonda amadziwa zimene zimafunika pa tsiku limene akufunsidwa, pamene nthawi yozisonkhanitsa idadutsa zaka zitatu zapitazo.

Amene wakanidwa kale asafulumire kugwa mphwayi kapena kufuna kukonza nkhani kuseri. Malamulo a 2021, la Tax Administration Act ndi la Revenue Appeals Tribunal Act, adaika njira yodandaulira: choyamba kulemba kalata yotsutsa kwa Commissioner General wa MRA, kenaka kupita kubwalo lapadera la milandu ya msonkho, ndipo pambuyo pake kubwalo lalikulu. Masiku operekera kalata yotsutsayo ndi owerengeka ndipo amayamba kuwerengedwa chigamulo chikangoperekedwa, choncho kalata ya MRA si yosunga m'dirowa kudikira kutha kwa mwezi. M'kalata yotsutsayo mulowe zonse zimene zingapezeke: sitetimenti ya kubanki, masamba a buku la sitoko, malisiti ogulitsira katundu yemweyo, ndi kalata yochokera kwa wogulitsa yotsimikiza kuti katundu adatuluka m'nyumba yake tsiku lakutilakuti. Holoselo imene ikadali pamalo pake ku Limbe nthawi zambiri imakhala ndi kope lake la invoisi ndi buku la pageti, ndipo kasitomala wake akapempha msanga imatha kumupatsa.